Ana Nkhoma Amene Sanabadwepo

Amalawi ambiri a ku Birmingham amamudziwa Fyness Chavula ngati mayi uja amatsalira kukhitchini pazinkhoswe ndi pamaliro, anzake akujambulitsa kutsogolo. Pa chikondwerero cha ufulu chaka chatha bungwe lathu la Amalawi linapereka zikho zisanu ndi ziwiri. China chinapita kwa bambo woimbitsa nyimbo m'maukwati, china kwa mayi wogulitsa mawigi, china kwa wapampando mwiniwake, amene anaimirira modabwa ngati si iye anakazigula zikhozo. Dzina la Fyness silinamveke. Palibe chodabwitsa, poti chimene iye anachita sichijambulika pafoni. Chilembedwe pano basi, kuti amene amawerenga adziwe.

Fyness anabadwira ku Mponela mu 1971, mwana wachitatu wa a Zuze, telala wa pakhonde la sitolo. Anaphunzira za uphunzitsi ku Domasi, naphunzitsa Chichewa ndi mbiri yakale pasekondale ina ya m'boma la Dowa zaka khumi ndi chimodzi. Anakwatiwa ndi Sangwani Chavula, namwino wa ku Rumphi, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Sangwani atapeza ntchito pachipatala kuno mu 2004, Fyness anamutsatira chaka chinacho ndi ana awiri, Anita ndi Zion, komanso envulopu ya masatifiketi imene anaibisa pansi pa zovala m'sutikesi. Envulopuyo anayenda nayo m'maofesi miyezi isanu. Paliponse ankamumwetulira n'kumuuza kuti mapepala ake ndi osangalatsa kwambiri. Mzungu wa muofesi akakuuza kuti chinthu chako ndi chosangalatsa kwambiri, yamba kuyang'ana khomo. Mayi amene anaphunzitsa ana a anthu mazanamazana anapatsidwa mopu ndi ndowa.

Nyumba imene ankakolopa mamawa aliwonse inali ya Rudge & Pallister, kufupi ndi Colmore Row, kampani yosunga ndi kuchulukitsa ndalama za anthu. Pakhoma la polandirira alendo panali mbiri ya kampaniyo, zithunzi ndi mawu, kuyambira pachitseko mpaka palifiti. Ogwira ntchito ankadutsa osacheuka. Amene anaiwerenga yonse, mwina yekha m'nyumba monsemo, anali wokolopayo, poti mphunzitsi wa mbiri sadutsa chaka cholembedwa pakhoma osachiwerenga.

Khomalo linkanena kuti mu 1934 Rudge anali kalaliki pafakitale yosula maunyolo ku Cradley Heath. Anaona kuti amisiri amabisa timakobidi tawo m'zitini, pamene eni fakitale amagula masheya n'kumalemera ali chigonere. Mmisiri mmodzi payekha sakanagula kanthu. Koma amisiri mazana atatu atasonkha m'thumba limodzi, thumbalo linagula pang'ono m'kampani ya njanji, pang'ono ya sopo, pang'ono ya magetsi, kuti ina ikagwa zinazo zigwirize. Aliyense anali ndi gawo lake m'thumbamo molingana ndi zimene anaponya. Pallister anali loya wosunga mapepala. Nkhondo inabwera n'kupita, mafakitale a maunyolo anatsekedwa, thumba lija linabala matumba ena makumi angapo, ndipo osonkha ake anafika pa mamiliyoni awiri, ambiri kudzera m'mapenshoni.

Chimene khomalo silinkanena ndi chakuti kampaniyo imatapako kake chaka chilichonse, mvula igwe isagwe. Ndipo pa mndandanda wakale umene anauika m'galasi, pakati pa njanji ndi sopo, Fyness anapeza dzina la munda wa tiyi wa ku Nyasaland. Anaima pamenepo nthawi ndithu, mopu ukudontha. Amisiri a ku Cradley Heath anali amphawi, inde, koma ukalamba wawo unafunda ndi tiyi wothyoledwa ndi amphawi enieni. Zimenezi zisaiwalike, ngakhale nkhani ino ndi yothokoza.

Amene anamuchotsa pa mopu anali Susan Hadley, mayi wa ku Dudley wogwira ntchito pakampani pomwepo, wa mawu ngati a kondakitala, amene amaitana aliyense kuti "bab", kaya ndi mlonda kaya ndi bwana wa ku London. Tsiku loyamba Fyness anamva ngati akumutchula baba, nadziyang'ana kawiri. Susan anamupeza m'mawa wina atatola mulu wa makalata ogwa pansi, akuwasanja motsata zilembo asanawabwezere patebulo. Anamuuza kuti afunsire ntchito ya m'chipinda cha makalata. Anafunsira katatu, kachitatuko anamutenga. Zaka zisanu ndi ziwiri ankatsegula maenvulopu ndi kujambula mafomu pamakina. Mu 2016 Susan atapatsidwa gawo loona za makasitomala omwalira, anapita naye.

Azimayi a kutchalitchi akamufunsa kuti kuntchito kwakeko amagulitsa chiyani, Fyness amati, "Ndi banki mkhonde ya azungu. Kungoti bokosi lake silitsegulidwa Disembala. Umadikira mpaka imvi, ndipo ena imvizo sazifika. Ine ndimaona za amenewo."

Ntchito ya gawolo ndi yosavuta kuinena. Munthu akamatsegula penshoni amadzaza fomu yotchula amene adzalandire iye akadzamwalira. Akamwalira, a gawoli amafunafuna wotchulidwayo, n'kutengera fayilo ku komiti ya anthu asanu imene imakhala Lachinayi lililonse. Komitiyo ndiyo imagamula, ndipo kawirikawiri imatsata zimene malemu analemba. Umu ndi mmene Fyness wakhalira: kukwera sitima pa Langley Green, kutsika pa Snow Hill, tsiku lonse kuyankhula ndi amasiye, madzulo kubwerera ku Oldbury kukafunsa ana ake m'Chichewa iwo n'kumayankha m'Chingerezi.

Lachisanu lina mu Febuluwale 2023 anamupatsira mafayilo a mnzake amene anapita kutchuthi cha uchembere. Pa fayilo yachinayi panali dzina la kwathu: Gresham Kamphinda, wa ku Foleshill ku Coventry, woyendetsa basi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, amene anamwalira mu Novembala. Anatsegula penshoni mu 2001 ndipo sanadumphitse mwezi. Akazi awo, mayi Loyce Kamphinda, anatumiza satifiketi ya imfa ndi ya ukwati. Koma pakompyuta, pamalo a wolandira, panali Ana Nkhoma. Zonse kwa iyeyo. Tsiku lobadwa panalibe. Pamalo a ubale panali liwu limodzi la Chingerezi, family.

Mnzake uja anachita zimene buku la malamulo limanena. Mu Disembala analembera mayi Kamphinda kalata yaulemu, yowauza kuti malemu anatchula munthu wina, kuti lamulo sililola kuwauza dzina lake, ndipo kuti kampani ikumufunafuna. Ofufuza anapeza a Anna Nkhoma awiri m'dziko muno, wina ku Leeds wina ku Luton, ndipo makalata opita kwa iwo anali okonzeka. Pansi pa zonsezi panali yankho la mayi Kamphinda, mizere itatu yolemba pamanja, cholembera chitaboola pepala malo awiri. Sindikufuna kalikonse. Mupatseni mkaziyo. Musandilemberenso. Fayiloyo inali yopita ku komiti Lachinayi lotsatira, kalata imeneyi ili pamwamba. Ikanapita choncho, mayiwo akanataya zimene amuna awo anawasungira zaka makumi awiri. Amuna awowo anali atawataya kale mumtima.

Fyness anawerenga dzinalo ndi maso, sanaonepo kanthu. Anapita kukawiritsa madzi a tiyi. Ali chiimire pafupi ndi ketulo anadzimva akulitchula chapansipansi, mmene munthu amachitira ndi dzina lomuvutitsa, ndipo pakamwa pa Mchewa mawu awiriwo sanakhale awiri. Anasiya kapu pomwepo. Anaitanitsa chithunzi cha fomu yeniyeniyo, ya mu 2001, ya timabokosi tolembamo chilembo chimodzichimodzi. Pa mzere woyamba a Kamphinda analemba zilembo zikuluzikulu zisanu ndi zinayi, zogundana, popanda kabokosi kodumphidwa: ANANKHOMA. Mzere wa dzina lachiwiri anausiya wopanda kanthu. Amene anakopera fomuyo pakompyuta anakumana ndi makina okana munthu wa dzina limodzi, ndiye analidula pamene anaona kuti paduleka.

Mwamuna wa ku Dowa wa msinkhu wa a Kamphinda satchula mkazi wake dzina. Dzina ndi la aphunzitsi, apolisi ndi achipatala. Pakhomo mkazi amaitanidwa ndi mfunda wa kwawo, Nambewe, Nabanda, Nankhoma, ndipo mwamuna waulemu amaika a kutsogolo. Ana a masiku ano, amene amaitana akazi awo bebi pamaso pa apongozi, sangazimvetse. Komanso Mmalawi wa kale akati family m'Chingerezi chake satanthauza fuko lonse, akunena mayi a kunyumba. A Kamphinda anafunsidwa funso lolemera kuposa onse, lakuti mukadzafa zanu zidzapite kwa yani, ndipo anayankha ndi dzina laulemu kuposa onse limene ankalidziwa. Kulakwa kwawo kunali kumeneko.

Susan anamvetsera mpaka kumapeto, magalasi ali pamphumi.

"Ndakumva, bab. Tsono ndionetse Nkhoma papepala lililonse la mayiyu. Satifiketi ya ukwati ikuti Loyce Gwaza. Pasipoti ikuti Kamphinda."

"Mfunda sulembedwa papepala."

"Ndiye ku komiti ndikalowe ndi chiyani? Ndikati Fyness anamva mawu m'ketulo?"

"Ndiwaimbire. Ndiwafunse ngati ndi iwo."

"Ukangowauza dzinalo, basi, yankho lawo lilibenso ntchito. Aliyense angavomere dzina lokhala ndi penshoni kumbuyo. Ndipo iwe mawa lake ukhala ukuyang'ana ntchito ina, ine osatha kukuteteza." Susan anatsitsa magalasi. "Alitchule okha, usanawauze. Pafoni yojambula mawu, m'Chingerezi, ine ndili pambali pako. Umawadziwa?"

"Ayi. A ku Coventry amapemphera kwawo."

"Chabwino. Lolemba, teni koloko."

Susan sanali wankhanza. Lamulo lija linabwera chifukwa akuba alipo, ndipo maliro amawanunkhira ngati nyama yowotcha. Koma lamulolo linapangidwa ndi anthu amene amakhulupirira kuti munthu ali ndi mayina awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo, ndipo amene alibe otero ndiye walakwitsa.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, Fyness anali pamalo ake a masiku onse, pasinki ya kukhitchini ya holo, pamene a Winnie analowa ndi mbale zakuda ndi nkhani yotentha.

"Mwamva za ku Coventry? Malemu aja oyendetsa basi. Penshoni yonse, psiti, kwa chibwenzi."

"Abale inu! Aja ankaimba besi m'kwaya?"

"Omwewo. Ofatsa ndi amene amaluma. Akuti mkaziyo ndi wa ku Zambia."

"Iyayi, musatiyambe," anatero a Deliwe, a ku Chipata, akupukuta mapuleti. "Chilichonse choipa ndi cha ku Zambia? Ine ndamva kuti ndi mmodzi wa ma-carer atsopanowa, osamalira okalamba aja. Wa kwanu komweko."

"Nanga mayiwo ali bwanji?"

"Masuti onse anakasiya ku charity shop, kuja timapereka zovala ulere. Chithunzi cha pabalaza anachitembenuzira kukhoma. Ana akuti Mum sakudya, saku-answer foni." A Winnie anatembenuka. "Inu a Chavula, si inu mumagwira kwa anthu a mapenshoni? Sizidutsa m'manja mwanu zimenezi?"

"Ine ndimangotsegula maenvulopu," anatero Fyness, akukwecha poto amene anali atayera kale.

Anthu omwewo anadya mpunga pamaliro a bambowo, naimba kuti anali mzati wa mpingo. Miyezi itatu yokha, mzati uja anausandutsa nkhuni zowothera. Fyness anali ndi liwu limodzi lokwanira kuwatseka pakamwa onsewo, ndipo analimeza. Ngakhale Sangwani sanamuuze. Sangwani anangoona kuti mkazi wake wathira mchere kawiri m'ndiwo, nadya osadandaula.

Lolemba teni koloko Susan anakoka mpando navala zomvera m'makutu. Foni inalira nthawi yaitali. Mawu amene anayankha anali a munthu amene watha masiku osayankhula ndi wina aliyense.

Fyness anayamba m'Chingerezi cha pantchito. Anatchula kampani, anachenjeza kuti foni ikujambulidwa, anafunsa tsiku lobadwa ndi adiresi. Mayi Kamphinda ankayankha ngati akulavula njere.

"Ndinakulemberani kale. Simudziwa kuwerenga?"

"Kalata yanu tinailandira. Pali mafunso awiri atatu otsala. Kodi munayamba mwadziwikapo ndi dzina lina?"

"Gwaza. Pepala muli nalo."

"Kupatula limenelo?"

"Ndine chigawenga ine kuti ndikhale ndi mayina khumi? Palibe."

Mayiwo sananame. Funso la Chingerezi linkafunsa dzina, ndipo mfunda m'mutu mwawo sunali dzina, monga mmene dzanja lako suliwerengera pa katundu amene wanyamula.

"Nanga amuna anu ankakuitanani bwanji kunyumba?"

"Za munthu ameneyo musandifunse. Tsalani bwino."

Fyness anamva foni ikuchoka kukhutu. Sanaganize kawiri. Chichewa chinangotuluka chokha, mokweza, mpaka a patebulo lina anacheuka.

"Mayi, musadule! Pepani maliro. Ndine mwana wanu, Nambewe wa ku Mponela."

Susan anadzidzimuka. Anatambasula dzanja, chala chinafika pabatani lodulira foni, koma sanalikanikize. Kenako mawu aja anabwerera, m'Chichewa tsopano.

"Wa ku Mponela? Mwana wa yani?"

"Wa a Zuze atelala."

"Ndiye nthawi yonseyi ukundiyankhula Chingerezi ngati ndine galu wa mzungu? Tamvera iwe. Poti uli m'katimo, dzina la mkaziyo waliona. Ndiuze. Sindikamumenya ayi. Ndikungofuna ndimuone kuti ali ndi chiyani."

"Sindingakuuzeni, mayi. Ndingachotsedwe ntchito."

"Ndiye ukufuna chiyani kwa ine?"

"Ine ndadzitchula. Inu simunadzitchule."

Mayiwo anausa moyo. Ukali ndi ukali, koma mwana akakupatsa mfunda wake sungamusiye chiimire pakhomo.

"Ndine Nankhoma, wa kwa Chakhaza. Wakhuta?"

Fyness anayang'ana Susan. Susan anapukusa mutu. Zimene anamva sizinafanane ndi zimene zinali pakompyuta. Chilembo chimodzi chinali chikusowa, ndipo mkazi sadziikira yekha chilembo chimenecho.

"Malemu akasowa makiyi m'mawa ankati chiyani?"

"Ameneyo? Linalipo tsiku limene sanasowe makiyi?" Mayiwo anakulitsa mawu, kutsanzira besi ya m'kwaya. "Anankhoma, makiyi anga aja? Anankhoma, magalasi. Anankhoma, tayi yabuluu ili kuti? Zaka makumi anayi ndi chimodzi, Anankhoma, Anankhoma, ngati ndine sitolo. Kuchipatala komwe, paipi ili m'mphuno, Anankhoma. Mapeto ake n'kukalemba mkazi wina!"

Susan samva Chichewa, ngakhale moni. Koma dzinalo analimva likubwera mobwerezabwereza, ndipo chala chake chinachoka pabatani n'kukaloza pakompyuta. Analemba msangamsanga pakapepala kuti mayiwo atchule zilembo.

"Mayi, ndikupemphani munene m'Chingerezi kuti amuna anu ankakuitanani motero. Mukatero munditchulire zilembo zake chimodzichimodzi."

"Zilembo? Limalembedwa limenelo? Chibadwire sindinalilembepo."

Koma ananena, natchula zilembozo, akuima pakati kuti aganize. Anafika pa chomaliza. Pafoni pankangomveka basi ikudutsa mumsewu.

"Nambewe."

"Mayi."

"Ukundilembetsa dzina limeneli chifukwa chiyani?"

"Sindingayankhe, mayi. Komiti ikhala Lachinayi."

"Nanga mawu ako akunjenjemera chifukwa chiyani?"

Mayi Kamphinda anagwira ntchito yosamalira okalamba zaka makumi awiri, ndipo ankadziwa kumva zimene munthu sakunena.

"Anachita kulemba choncho? Pafomu ya azungu?" Mawu anayamba kusweka. "Chitsiru chija. Mayo ine, chitsiru changa chija. Masuti ake ndapatsa anthu!"

Kulira kumene kunatsatira kunali kwa maliro enieni, kumene kalata ya Disembala inakuduliza. Buku la malamulo limati foni isapitirire mphindi khumi ndi ziwiri. Susan anavula zomvera zake, nakankhira bokosi la timapepala topukutira misozi kwa Fyness, ndipo foniyo inatha mphindi makumi anayi.

Komiti sinagamule Lachinayi limenelo. Inafuna umboni wina. Ana a mayiwo anakumba makhadi a Khirisimasi ndi mauthenga a mawu amene bambo awo ankatumiza ali pashifiti. Mkulu wina wa mpingo, mphunzitsi wopuma, analemba masamba anayi ofotokoza mifunda ya Achewa, ndi zitsanzo zake zomwe. Komiti inawerenga tsamba loyamba lokha, ndipo mpaka lero sinamuthokoze. Kampani inaitana womasulira wa ku London kuti amvetsere foni ija ndi kutsimikiza kuti si Fyness anayamba kutchula dzinalo. Anatsimikiza. Mu Meyi komiti inagamula kuti Ana Nkhoma kulibe, ndipo kunalibe chiyambire. Makalata a ku Leeds ndi ku Luton sanatumizidwe, ndipo akazi awiri osalakwa sadzadziwa chimene chinawaphonya.

Fyness analandira kalata yomuchenjeza chifukwa choyankhula chinenero chosavomerezeka pafoni yojambulidwa. Susan anakalipa mpaka kunsanjika ya mabwana, koma kalatayo inakhalabe m'fayilo miyezi isanu ndi umodzi. Fomu sinasinthidwe. Mpaka pano ili ndi mizere iwiri. Komabe chilungamo chinenedwe. Kampaniyo inasunga pepala la woyendetsa basi zaka makumi awiri ndi ziwiri osalitaya, timakobidi take inatikulitsa monga inalonjezera, ndipo pa tsiku lofunika inali ndi Susan pampando woyenera. Pali maofesi amene tonse tikuwadziwa kumene fayilo imasowa pa sabata imodzi, n'kupezeka ukatulutsa ya fanta.

Mu Juni mlonda wa pakhomo anaimba foni kumwamba kuti pali mayi wina akufuna Nambewe, koma pa mndandanda wa ogwira ntchito palibe dzina limenelo. Fyness anatsika ndi envulopu. Mayi Kamphinda anali atapempha kuti awapatse chithunzi cha fomu ija, ndipo anakana kuti chibwere pa positi. Anali mayi wamfupi, wa ndodo, chitenje atachimanga pamwamba pa jasi ngakhale kunja kunali dzuwa. Anamuyang'ana Fyness kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiwe wamng'ono chonchi? Pafoni umamveka ngati hedimasitala."

"Ndinali mphunzitsi, mayi."

"N'chifukwa chake. Landira ichi."

"Lamulo silitilola kulandira mphatso."

"Si mphatso, ndi nsinjiro. Tenga usandikwiyitse."

Anakhala pansi pampando wa alendo, navala magalasi aakulu aamuna amene ankatsetserekera pamphuno. Anatulutsa pepalalo naliyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pa timabokosi.

"K wake uja, ngati munthu akugwa panjinga," anatero. "Taona malo onsewa otsala. Loyce ndi zilembo zisanu zokha. Akanalemba, bwenzi zonsezi kulibe."

"Malo analipo, mayi."

"Kapena sankadziwa kalembedwe kake? Ine sindikumbuka kuti analitchulapo. Ngakhale tsiku la ukwati anachita kung'ung'udza, abusa mpaka anamubwerezetsa." Anaseka, napukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anapinda pepalalo kanayi naliika m'Baibulo la m'chikwama. "Kuyambira Disembala sindinapondeko kumanda. Ndikupita lero. Ndili naye mawu."

"Mukawakalipire pang'ono pokha."

"Pang'ono? Munthu wandichititsa manyazi Coventry yonse, wandigonetsa ndi njala miyezi itatu, wandipatsitsa masuti a Chingerezi kwa anthu osawadziwa? Amva lero. Ndikamaliza ndimuzulira udzu." Anagwira ndodo, naimirira. "Sitima ya kwathu ndikwerera kuti? Pobwera ndasochera kawiri."

"Ku New Street, mayi. Ndi kamtunda ndithu pa mawondo amenewo."

Fyness anapempha mlonda kuti auze Susan kuti abwera pakatha ola. Anatenga chikwama cha mayiwo paphewa, nsinjiro m'khwapa, ndipo anatsika nawo msewu pang'onopang'ono, mayiwo akuyeserera mokweza zimene akakawauze amuna awo.